Khutu la mwana wa kwa Katuli likudikira yani?

Mukalowa m'kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 m'dera la Mfumu Yaikulu Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, musadabwe kupezamo mwana yemwe wakhala payekha chakumbuyo. Kolala ya yunifomu yake ili ndi madontho achikasu, ntchentche sizikumusiya, ndipo anzake amutalikira ati akununkha. Akamuitana sayankha msanga. Kunyumba amamutcha wamwano, kusukulu amati ndi mbuli. Chonsecho mwanayo alibe mwano ndipo mutu wake umagwira bwinobwino. Khutu lake likutuluka mafinya, ndipo zambiri zomwe aphunzitsi akunena kutsogolo sizikumufika.

Makolo ambiri amati amenewa ndi matenda a ana, adzatha okha akamasinkhuka. Ena amadonthezeramo mafuta ophikira kapena madzi a masamba, ena amatokosamo ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi. Nthawi zina mafinya amaumadi, n'kudzayambiranso mwana akadwala chimfine kapena akakasambira kumtsinje. Zomwe zikuchitika m'katimo sizioneka ndi maso. M'khutu muli kachikopa kopyapyala ngati ka ng'oma, komwe kamanjenjemera mawu akafika, ndipo kuseri kwake kuli timafupa titatu tomwe timapititsa mawuwo m'kati. Matenda akakwera kuchokera kumphuno ndi kukhosi, mafinya amadzadza kuseri kwa kachikopako mpaka kamabooka. Mwana akapanda kuthandizidwa bwino, bowolo silitsekeka, timafupa tija timadyeka pang'onopang'ono, ndipo mwa ana ena matendawo amalowerera m'fupa la kuseri kwa khutu, mwinanso kukafika ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi kapena chotupa cha mafinya. Zikafika apo si nkhani ya kumva yokha ayi, moyo weniweniwo uli pachiswe.

Kuumitsa khutu lotere n'kotheka pachipatala chaching'ono, ngati mankhwala odonthezera alipo ndipo wachipatala waphunzitsa mayi kupukuta bwino. Koma kutseka bowo lomwe lakana kupola, kapena kupala fupa lomwe lawola pafupi ndi mtsempha woyendetsa nkhope, ndi ntchito ya dokotala wa opaleshoni yemwe adaphunzira mwapadera za makutu, mphuno ndi kukhosi, yemwe kuchipatala amangomutcha dokotala wa ENT. Amagwira ntchitoyo akuyang'ana pamakina okulitsa zinthu, pamalo ochepa ngati chikhadabo. Dzanja likangophonya pang'ono, wodwala amadzuka pakamwa patapotoka.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku yemwe adachitika m'midzi ya m'boma la Chikwawa, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2017, adapeza kuti ana pafupifupi 5 mwa ana 100 alionse a zaka 4 mpaka 6 adali ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Kafukufuku wina wa ku Thyolo adapeza zomvetsa chisoni kwambiri: mwa ana 150 omwe adauzidwa kuti apite kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre kaamba ka mavuto a makutu, ana 5 okha ndiwo adakafika. Makolo adatchula mtunda, ndalama zoyendera, komanso kusamvetsa bwino zomwe akawachitire kumeneko. Ku Thyolo n'kufupi ndi Blantyre, munthu amapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Nanga wa kwa Katuli? Ayambe wapeza ya kabaza kapena matola, atsike phiri la Chowe, awoloke Shire pamlatho wa Bakili Muluzi, aime pamzere pachipatala cha boma, alandire kalata, kenako ayende makilomita ena pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba. Ku Blantyre alibe mbale. Kumudzi wasiya munda ndi ana ena. Ndani angamudzudzule mayi wotere akabwerera kwawo n'kukapinda kalatayo m'chikwama?

N'chifukwa chake nkhani yomwe imaoneka ngati ya anthu ophunzira okhaokha, yoti dokotala wachinyamata walemba kalata yopempha malo a maphunziro a ukatswiri wa ENT, ikukhudza banja lililonse la pamsika wa Katuli, Namwera, Malindi kapena Monkey Bay. Kalata imeneyo ikayankhidwa bwino, patapita zaka zingapo dziko limakhala ndi munthu mmodzi woonjezera wodziwa kutseka khutu la mwana uja. Ikasochera m'maofesi, kapena mwini wake akagwa ulesi n'kuileka, palibe amalira maliro, koma mpatawo umakhalapobe kwa zaka zambiri.

Mbiri ya ntchitoyi m'dziko muno ndi yaifupi, yoti munthu akhoza kuifotokoza asanamalize kapu ya tiyi. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991. Koma mpaka chaka cha 2007, pomwe Dr Wakisa Mulwafu adabwerako ku Cape Town atamaliza maphunziro a ukatswiri, dziko lino lidalibe Mmalawi wochita opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi. Kwa zaka zingapo a Mulwafu, omwe pano ndi pulofesa, adali okha. Kafukufuku yemwe iwo ndi anzawo adachita m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara adasonyeza kuti pofika 2015 Malawi idali ndi akatswiri 2 okha a ntchitoyi, pa anthu pafupifupi 17 miliyoni. Chiwerengerocho chakwerako m'zaka zapitazi, koma akatswiriwa akadali ochepa zedi ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe lidatuluka pa 3 March 2021, lidati mwa maiko osauka, 78 mwa 100 alionse alibe ngakhale katswiri mmodzi wa ENT pa anthu 1 miliyoni. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi lokha. Ndiye kuti ngakhale pa muyeso wotsikitsitsawo, Mangochi imayenera kukhala ndi katswiri wakewake.

Tsono munthu wotereyu amachokera kuti? Apa mpomwe makolo ambiri sadziwa, ndipo n'koyenera kuti adziwe.

Mwana yemwe wakhoza bwino masamu ndi maphunziro a sayansi pamayeso a MSCE, akasankhidwa kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idayamba ntchito mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za digiri ya udokotala. Akamaliza sanamalize. Amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 pachipatala chachikulu, nyengo yomwe amaitcha internship, akuzungulira kwa ana, kwa amayi oyembekezera, ku opaleshoni ndi ku matenda a akuluakulu. Akatero mpomwe bungwe la Medical Council of Malawi limamulembera m'kaundula ngati dokotala woima payekha. Ambiri amatumizidwa kuzipatala za m'maboma, komwe amaona odwala, kuchita maopaleshoni a amayi, n'kumakhalanso m'misonkhano ya bajeti ndi mafuta a ambulansi. Ndi kuchokera kumeneko komwe wofuna ukatswiri amalemba kalata yake.

Njira zilipo zingapo. Ina ndi digiri ya MMed, yomwe imatenga zaka 4, wophunzirayo akugwira ntchito usana ndi usiku pachipatala chophunzitsira pansi pa akatswiri. Ina ndi ya bungwe la madokotala a opaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa la COSECSA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania: zaka 2 zoyambirira za opaleshoni wamba, kenako zaka zina 3 kapena kuposerapo za nthambi yomwe munthu wasankha, ndi mayeso okhwima pamapeto a gawo lililonse. Njira yachitatu ndi yopita kunja, monga adachitira a Mulwafu. Mukawerengera zonse, kuchokera tsiku lomwe mwana walemba mayeso a Fomu 4 kufika tsiku lomwe akutchedwa katswiri, padutsa zaka 12 kapena 13, ndipo apo ndiye kuti sadabwereze kalasi, sadadikire ntchito, sadasowe thandizo. Mwana wa Sitandade 1 uja adzakhala atakula kale, kaya ali pasukulu kaya adalekera panjira.

Zofunika pa kalatayo zimamveka zophweka munthu akamaziwerenga pachidziwitso: satifiketi ya digiri, zotsatira za mayeso a chaka ndi chaka, umboni woti adamaliza internship ndipo ali m'kaundula, mbiri ya ntchito yomwe wagwira, makalata a akuluakulu omwe amamudziwa, kenako kukaonekera pamaso pa gulu la aphunzitsi kuti akamufunse mafunso. Koma pali zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa ambiri, ndipo zonsezo sizikhudza nzeru za wopemphayo. Choyamba ndi umboni wa yemwe adzalipire. Chachiwiri ndi chilolezo cha olemba ntchito choti achoke pamalo pomwe ali.

Za ndalamazi zimapweteka kwambiri kwa wopita kunja. Anthu a ku Mangochi amadziwa bwino za ulendo wa ku Joni: mnyamata amapita, pakatha miyezi ingapo ayamba kutumiza kangachepe, kenako malata, kenako njinga yamoto. Dokotala wopita kukaphunzira ukatswiri ku South Africa zake sizili choncho. Kawirikawiri madokotala ochokera kunja amalandiridwa kumeneko ngati ophunzira oonjezera, omwe amagwira ntchito yofanana ndi anzawo a m'dzikomo koma salandira malipiro kuchokera ku boma la kumeneko. Nyumba, chakudya, fizi, zolembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala, zonse ziyenera kuchokera kwa yemwe wamutumiza. Thandizolo likachedwa miyezi iwiri, munthu yemwe masana amatsegula khosi la wodwala, usiku amakhala akuwerengera ngati ndalama ya lendi ikwane. Achibale kumudzi akamva kuti ali ku Cape Town amangoti mwana wathu wadya bwino.

Apa mabanja ali ndi mbali yawo, ndipo ndi bwino kuinena mosapsatira. Dokotala woyamba pamtundu amakhala nkhokwe ya mbumba yonse. Fizi ya ang'ono ake, feteleza wa amayi, maliro, chinkhoswe, denga lomwe lasasuka, zonse zimagogoda pakhomo pake. Ndiye tsiku lina akubwera kudzanena kuti akufuna kubwerera kusukulu zaka zina 4, kusiya mwayi wa ntchito ya kubungwe yomwe ikadamupatsa galimoto ndi malipiro ochuluka. Amalume, eni mbumba, amafunsa funso lomwe limamveka lanzeru: "Kodi sukuluyi sinakwane? Si ndinu adokotala kale?" Akakhala mtsikana funsolo limakhala ndi mchira: nanga banja liti, nanga ana liti? Palibe choipa m'mitima ya ofunsawo. Adagulitsa mbuzi ndi fodya kuti mwanayo afike pomwe ali, ndipo akuyembekeza kupumako. Koma banja lomwe lingapirire zaka 4 zimenezo, n'kuchepetsa mafoni opempha, lidzakhala litachitira dziko lino chinthu chomwe ngakhale nduna singachite ndi cholembera chake. Ndipo kunena zoona, katswiri akamaliza savutika ngati momwe amavutikira akuphunzira. Banjalo silitaya, limangochedwa kukolola.

Za chilolezo nazo zili ndi mbali ziwiri. Mkulu wa zaumoyo m'boma yemwe ali ndi madokotala owerengeka akalandira pempho loti mmodzi achoke kwa zaka 4, amaona mawodi odzadza ndi amayi ofunika opaleshoni usiku. Akazengereza kusaina sikuti ndi wankhanza. Amadziwa kuti wolowa m'malo sabwera msanga. Koma mathero ake ndi oti dokotala yemwe adavomera kukagwira ntchito kutali, kumidzi, ndi amene amavutika kwambiri kupeza mwayi wa maphunziro, pomwe mnzake yemwe adakakamira m'tauni, pafupi ndi akatswiri ndi maofesi, amamva msanga za malo ndipo makalata ake amayenda ndi manja. Izi n'zopotoka. Zimaphunzitsa madokotala achinyamata kuti kupita kumudzi n'kudzitsekera khomo. Kafukufuku wa pakati pa madokotala achinyamata a m'dziko muno, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2016, adasonyeza kuti mwayi wa maphunziro a ukatswiri ndi chimodzi mwa zinthu zomwe amayang'ana kwambiri posankha ntchito. Boma lili ndi nyambo m'manja mwake, yoti likhoza kukopera nayo madokotala ku maboma ngati Mangochi: ukagwira ntchito kuno zaka zakutizakuti, malo ako a maphunziro ndi otsimikizika, ndipo ndalama zake zilipo. Lonjezo lotere liyenera kukhala lolembedwa, lodziwika kwa aliyense, losadalira kuti ukudziwana ndi yani ku Capital Hill.

Ena anena kuti dziko losauka ngati lino lisataye ndalama pa akatswiri a makutu pomwe malungo akupha ana, amayi akumwalira pobereka, ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700, Mangochi ili m'gulu la maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Maganizo amenewa si opusa, ndipo sayenera kunyozedwa. Thumba la zaumoyo ndi lochepa. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo kwa zaka zambiri dziko lino lakhala likulephera kufikapo. Koma onena zimenezi amaiwala kuti matenda omwe akuwatchulawo ndi omwenso amasiya ana osamva. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, chikasu cha ana obadwa kumene, ngakhale mankhwala ena amphamvu opulumutsa moyo monga gentamicin, zonsezi zikhoza kuwononga kumva. Mwana yemwe wapulumuka malungo n'kutsala wosamva sadathe kuthandizidwa. WHO imati pafupifupi 60 mwa 100 ya mavuto a kusamva mwa ana akhoza kupewedwa.

Komanso ntchito ya ENT si makutu okha. Kunyanja kuno, komwe ndiwo ndi usipa, utaka, chambo ndi kampango, palibe yemwe sadamvepo za munthu yemwe munga wa nsomba udamuima pakhosi. Mwana akameza ndalama yachitsulo, akakoka mtedza kapena njere ya chimanga n'kulowa m'njira ya mpweya, akaika kabatire kozungulira ka wotchi m'mphuno komwe kamaotcha mnofu m'maola ochepa, wofunika ndi munthu wodziwa kulowetsa chipangizo kukhosi n'kuchotsa chinthucho mwanayo akupumabe. Chithokomiro chomwe chakula mpaka kutsamwitsa, kamfuno yemwe wakana kuleka, mawu omwe asasa miyezi osabwerera mwa bambo wosuta fodya, chotupa cha m'khosi chomwe chingakhale khansa, zonsezi zimathera patebulo la katswiri yemweyo. Zambiri mwa izo sizidikira kuti munthu agulitse kaye nandolo n'kupeza ya basi.

Mfundo ina yomwe imamveka ndi yoti m'malo mwa katswiri mmodzi wodula, bwanji osaphunzitsa ma clinical officer ambiri ndi alangizi a zaumoyo? Yankho lake n'lakuti zimenezo zikuchitika kale, ndipo adaziyambitsa ndi akatswiri omwewo. Dziko lino lidaphunzitsa ma clinical officer a ENT omwe adatumizidwa m'zipatala zosiyanasiyana, ndipo ku Thyolo alangizi a zaumoyo adaphunzitsidwa kuzindikira matenda a makutu m'midzi. Ku Gulupu kuli chipatala choyezera kumva, ku Lilongwe sukulu ya African Bible College ili ndi chipatala cha makutu komwe amayeza ndi kupereka zipangizo zothandiza kumva. Ana ena a m'dziko muno adaikidwa kale kachipangizo ka m'kati mwa khutu kotchedwa cochlear implant, opaleshoni yomwe kale inkamveka ngati ya kwa azungu okha. Zonsezi n'zoyamikika. Koma clinical officer amaphunzitsidwa ndi yani? Akapeza fupa lowola amatumiza kwa yani? Mlangizi wa zaumoyo akazindikira ana 20 m'mudzi, n'kupezeka kuti wochita opaleshoni ali ndi mndandanda wa miyezi yambiri, wangodzutsa chiyembekezo chomwe palibe wochikwaniritsa. Mutu umodzi susenza denga, inde, komanso denga lopanda mzati wapakati silikhalitsa.

Mangochi payokha ili ndi umboni woti maphunziro a ukatswiri sayenera kukhala a m'mizinda yokha. Chipatala cha boma cha Mangochi ndi komwe madokotala amaphunzirira ukatswiri wa Family Medicine, ndipo ophunzira udokotala akhala akubwera m'bomali kwa zaka zambiri kudzaphunzira zaumoyo wa m'midzi. Opaleshoni yaikulu ya khutu singasamukire ku Mangochi mawa, chifukwa imafuna makina ndi aphunzitsi omwe ali ku Blantyre. Koma palibe choletsa kuti ophunzira ukatswiri wa ENT azibwera m'bomali pa masiku odziwika chaka chonse, kuona odwala omwe asonkhanitsidwa kuchokera kwa Katuli, Makanjira ndi Namwera, kuchita maopaleshoni omwe angatheke pomwepo, n'kutenga okhawo ovuta. Wophunzira yemwe waonapo mzere wa ana a kwa Katuli ndi maso ake sadzafunika kumuuza chifukwa chomwe dziko lidamulipirira sukulu.

Mbali ya boma siithera pa kulipira fizi. Anthu sadaiwale za mu 2015, pomwe madokotala oposa 50 omwe adangomaliza kumene maphunziro adakhala osalembedwa ntchito ati kaamba kosowa ndalama, m'dziko lomwe odwala amagona pansi podikira dokotala. Zotere zikachitika pa katswiri, kutaya kwake n'kwakukulu koposa. Munthu wabwerako ndi luso la zaka 13, akupeza kuti udindo wake sudakhazikitsidwe, malipiro ndi akale omwe aja, makina oonera m'khutu palibe, chobowolera fupa chidafa, ndipo tsiku lake la opaleshoni limalephereka chifukwa wogoneka odwala ali mmodzi. Munthu wotere maiko oyandikana nawo amamulandira ndi manja awiri. Kumumanga ndi pangano loti agwire ntchito m'boma zaka zingapo n'koyenera, ndipo yemwe waphunzira ndi misonkho ya anthu asanyinyirike nazo. Koma pangano lili ndi mbali ziwiri. Womangidwayo apeze pogwirira ntchito.

Kwa dokotala wachinyamata yemwe akulingalira zolemba kalatayo, mwina ali pachipatala cha Mangochi, Mulibwanji kapena St Martin's ku Malindi, malangizo a omwe adadutsamo sasiyana kwenikweni. Asadikire chidziwitso kuti ayambe kukonzeka. Azilemba m'buku opaleshoni iliyonse yomwe wachita kapena kuthandizira, ndi tsiku lake, chifukwa ofunsa mafunso amakhulupirira buku kuposa pakamwa. Apemphe masiku ochepa a tchuthi akakhale ku wodi ya ENT ku Gulupu, kuti aone ngati ntchito ya manja osanjenjemera ndi maola ambiri oimirira ikumuyeneradi, komanso kuti omwe adzamulembere kalata amudziwe nkhope. Awerenge odwala makutu omwe amabwera pachipatala chake kwa miyezi ingapo n'kulemba zomwe wapeza, poti kafukufuku wamng'ono wa kwawo amalemera kuposa mawu okoma onena kuti amakonda kuthandiza anthu. Mabuku si chifukwa chodandaulira masiku ano: Pulofesa Johan Fagan wa ku University of Cape Town adaika pa intaneti buku lalikulu la maopaleshoni a ENT loti aliyense awerenge mwaulere. Ndipo akambirane ndi akuluakulu ake komanso a kubanja nthawi ikadalipo, osati sabata yomwe kalata ikufunika. Akakanidwa chaka choyamba alembenso. Malo amakhala ochepa, ndipo kukanidwa kamodzi si chiweruzo.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichikambidwa kawirikawiri pofunsa mafunso, koma chimayenera kukambidwa: chiyankhulo. Mayi wa kwa Katuli yemwe amayankhula Chiyao, akamafotokoza momwe khutu la mwana lidayambira, amafuna womumva popanda womasulira. Ku Thyolo kuja, china chomwe chidalepheretsa makolo kupita ku Blantyre chidali kusamvetsa zomwe adauzidwa. Katswiri wochokera kunyanja kuno, wodziwa chifukwa chomwe agogo amaopera opaleshoni, wodziwa kuti mwini mbumba ayenera kufunsidwa mwana asadagonekedwe, adzathandiza odwala omwe wina akadawataya pakhomo. Koma kuti katswiri wotere adzapezeke, mwana wa pasukulu ya sekondale yoyendera ya kumudzi ayenera kukhoza Chemistry ndi Physics mofanana ndi wa pasukulu ya tauni yokhala ndi labotale. Mpikisano wa kalata ya MMed umayambira kutali chonchi, pa benchi ya Fomu 1.

Pomwe dziko likudikira akatswiriwo, makolo asakhale manja lende. Khutu lotuluka mafinya lipite kuchipatala sabata yomweyo, osati likayamba kununkha. Lizipukutidwa kunja ndi kansalu koyera kapena thonje, osalowetsamo kamtengo, nthenga, mafuta kapena mankhwala azitsamba, ndipo madzi asalowemo posamba. Mwana akatupa kuseri kwa khutu, akamva mutu kwambiri, khosi likauma kapena pakamwa pakapotoka, usiku womwewo ulendo uyambike. Katemera wa chikuku ndi wa chibayo amatetezanso makutu. Khanda lomwe silidzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kapena mwana yemwe wafika zaka 2 osatchula mawu, akayezedwe, chifukwa zaka zoyambirira ndi zomwe ubongo umaphunzira kuyankhula, ndipo zikadutsa sizibwerera. Aphunzitsi amuike kutsogolo mwana uja wa kumbuyo, khutu lake labwino liloze komwe iwo aima. Mbama ya pakhutu, kaya kunyumba kaya kusukulu, imaboola kachikopa kaja ngati momwe mafinya amachitira.

Makhansala, aphungu ndi mafumu a m'boma la Mangochi ali ndi mafunso awiri omwe angafunse pamsonkhano wa khonsolo wotsatira, ndipo kuwafunsa sikulira ndalama. Loyamba: chaka chatha, ndi ana angati omwe zipatala zing'onozing'ono za kwa Katuli ndi madera ena zidatumiza kaamba ka makutu, ndipo ndi angati mwa iwo adakafikadi kwa katswiri? Lachiwiri: mwa madokotala omwe akugwira ntchito m'bomali, alipo yemwe adapempha kukaphunzira za ENT, ndipo kalata yake ili patebulo la yani?